Sowo ya Atsibweni Ilira pa Msenjere

1. Mbawa Itseka Mtsinje

Chaka chimenecho, m'masiku a Chitaganya, mvula ya mwezi wa Malichi idagwa ngati ili ndi mlandu ndi anthu. Ku Kanyenda, kumpoto kwa boma la Kota Kota, anthu adatopa nayo mpaka adasiya kuyang'ana kumwamba.

Tsiku lina kudawomba chimphepo, ndipo mbawa yaikulu ya m'mbali mwa mtsinje wa Msenjere idazuka ndi mizu yomwe. Idagona mopingasa mtsinje, pamalo opanikizika pomwe magombe onse awiri ndi amiyala. Madzi adabwera ndi mabango, zitsa ndi nthochi zozuka, n'kuziunjika pathunthupo mpaka mtsinje udatsekeka.

Madzi akasowa njira safunsa mwini munda. Adabwerera m'mbuyo n'kuyamba kulowa m'dambo la mpunga. Munda wapansi kwambiri m'dambomo udali wa mayi Kulusumu, mayi wamasiye wa ana anayi, ndipo mpunga wawo wa faya udali utangoyamba kutulutsa ngala.

Mpunga umakonda madzi, koma m'miyendo, osati kumutu. Ngala zikamira masiku angapo zimawola. M'munda umenewu ndimo mudali chakudya cha banja lonse, ndi mbewu ya chaka chamawa yomwe.

Amuna adapita ndi nkhwangwa. Thunthulo anthu awiri ogwirana manja ankalephera kulizungulira, theka lake lidali m'madzi, ndipo poponda padali poterera. Adatema mpaka m'manja mudatuluka matuza, koma mbawa idangochita kabala kakang'ono.

Mwana woyamba wa mayi Kulusumu adali Sufiyani, mnyamata amene manja ake sankatha kuona chitsulo osachimasula. Nyale ya amake adaimasulapo kawiri, ndipo idayakanso ulendo wachiwiri wokha. Akaweruka kusukulu ankathamangira kudoko kukathandiza a Zaidi, omwe ankayendetsa boti la injini lonyamula mpunga.

M'mawa wina Sufiyani adapeza amake ataima chilili m'mbali mwa munda. Madzi adali atafika m'khosi mwa mpunga. Mnyamatayo adayang'ana mpungawo kamodzi. Adatembenuka n'kulunjika kwa atsibweni ake.

2. Chitsulo cha Kutsindwi

A Fakiri, mlongo wawo wa mayi Kulusumu, adagwirapo ntchito kwa mzungu wina wocheka matabwa kumapiri. Mzunguyo adali ndi sowo ya injini, yaitali ngati munthu, yogwira anthu awiri: wina kuinjini, wina kunsonga. A Fakiri ndiwo ankagwira kunsonga. Sowoyo itafa, ntchito nayo idatha, ndipo mzunguyo popita kwawo adawasiyira chitsulocho.

Adachikulunga m'chiguduli n'kuchipachika kutsindwi. Lachisanu lililonse, akachoka kumzikiti, ankachitsitsa n'kuchidzoza mafuta a nsatsi, monga momwe bambo awo ankachitira ndi mfuti ya gogodela. Pomwe paoneka kabowo ankathirapo mafuta. Ana a m'mudzi ankati a Fakiri ali ndi mkazi wachiwiri kutsindwi, ndipo ndi amene amadzola bwino kuposa woyamba.

Sufiyani adagwada pakhonde.

"Atsibweni, mundibwereke sowo ija. Ndikufuna ndiyese kuidzutsa."

"Idamukanika mwini wake amene adaoloka nayo nyanja yamchere. Iwe uitha?"

"Sindikudziwa. Koma mpunga wa amayi ukumira."

A Fakiri adamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka adalowa m'nyumba, natuluka ndi chigudulicho, koma sadachipereke msanga. Adachiika pamiyendo pawo.

"Tamvera, mphwanga," adatero. "Sindikuopa kuti ulephera. Ukalephera tingoseka n'kuchibwezera kutsindwi. Ndikuopa kuti mwina utha. Ine chinthu ichi ndidachiona chili chamoyo. Nkhwangwa ili ndi ubwino umodzi umene anthu sauyamika: imatopetsa. Munthu ukatema pang'ono umapuma, ndipo popumapo umayang'ana uku ndi uku. Umaona komwe mtengo wapendekera, umaona mbuzi ya mnzako, umamva mwana akulira kutchire. Makolo athu sadali anzeru kuposa ife ayi, ankangokhala ndi nthawi yopuma. Koma ichi sichipuma. Chikayamba kulira chimakutseka makutu, chimakugwedeza mpaka m'mano, ndipo mtima umakoma ngati mphamvu zonsezo ndi zako. Ndidaona anthu aakulu ndevu zawo akugwetsa mtengo pamsasa wawo womwe, chifukwa padalibe woti n'kumva mnzake. Tsono ukachidzutsa, maso ako agwire ntchito ya makutu. Ndipo usadzayatse chinthu chimene ulibe mtima wochizimitsa."

"Ndamva, atsibweni."

"Kumva wamva. Tidzaona kumtsinje."

3. Kambaliwali

Safunsa adadya phula. Sufiyani adasenza sowo ija mpaka kudoko kwa a Zaidi, ndipo panjira adaitana mnzake Timoteyo, mwana wa kalipentala wa kumishoni, yemwe adabwera ndi tupa ya bambo ake.

A Zaidi atamasula chiguduli adanunkhiza chitsulocho, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Nsatsi! Achimwene anga a Fakiri aipulumutsa ku dzimbiri, koma aitsamwitsa. Taona apa."

Adatsegula kabuleta, kabokosi komwe petulo amakumana ndi mpweya. M'kati monse mudali mafuta akale atauma ngati ulimbo.

Ntchito idayamba pansi pa mtengo wa mango. Sufiyani ankamasula kachitsulo kalikonse n'kukaika pamphasa motsatana, kuti asadzasokoneze pobwezera. Ankatsuka ndi palafini ndi nthenga ya nkhuku. Kabowo kodutsa petulo kadali kakang'ono ngati diso la singano, ndipo adakatsegula ndi kawaya komwe Timoteyo adadula kubangwe wake mtima ukuwawa.

Timoteyo adanola mano a tcheni limodzilimodzi. Chingwe chokokera injini chidali chitafumbwa, choncho adapota china kuchokera ku chingwe cha khoka. Tsiku lidatha, linzake lidafika pakati, ndipo kamwana kalikonse kochokera kudambo kankabwera ndi mawu amodzimodzi, akuti madzi akukwerabe.

Chidatsala ndi pulagi, kachitsulo koyatsa petulo m'injini. Sufiyani adaipala mwaye ndi mchenga wosalala, ndipo a Zaidi adati aigunditse pachitsulo cha injini, afunde bulangete kuti pachite mdima, wina akoke chingwe.

Anyamata awiriwo adalowetsa mitu m'bulangete. A Zaidi adakoka. Kunsonga kwa pulagi kudathetheka kambaliwali kobiriwira, kakang'ono kuposa njere ya mpunga, n'kuzima pomwepo.

Chitsulo chimene chidagona mu utsi zaka zonsezo chidali ndi moto m'kati mwake, ndipo motowo udadikira osatha. Sufiyani adachita mantha ndi chimwemwe nthawi imodzi.

"Mphenzi," Timoteyo adanong'ona. "Mwana wa mphenzi."

A Zaidi adawapatsa botolo limodzi la petulo wosakaniza ndi oyilo.

"Ndilibe wina, boti nalo likudikira," adatero. "Musayesere kuno, mukayatsire pamtengo pomwepo. Ndipo umve, Sufiyani. Injini yokalamba ikatentha n'kuzima, siidzuka msanga. Ina siidzukanso n'komwe. Ikakulirira, usaisiye mpaka ntchito ithe."

4. Sowo Ilira

Mbiri idawatsogolera. Pomwe ankafika pa Msenjere dzuwa lili pamutu, gombe lidali lodzaza ndi eni minda. A Fakiri adakhala pamwala chapatali, ndodo ili pakati pa miyendo.

Adasankha kudula chakumizu, pomwe padali mwala woti n'kupondapo. Timoteyo adaima kumtunda kwa thunthu, madzi ali m'mawondo, atagwira kunsonga. Sufiyani adaima kumunsi, kuinjini. Aliyense adamangidwa chingwe m'chiuno, ndipo amuna adagwira zingwezo pagombe.

"Bisimillahi," adatero Sufiyani, n'kukoka.

Palibe chidachitika. Adakokanso, nakokanso, mpaka phewa lidayamba kuyaka. Wina pagombe adati mwina a Fakiri aiwala kuidzoza sabata ino, ndipo anthu adaseka.

Kenaka sowo idatsokomola. Idatsokomolanso kawiri, n'kulavula utsi wonunkha nsatsi zopserera. Sufiyani adakoka ndi mphamvu zake zonse zotsala.

Kulira kumene kudatuluka pamenepo kudali kusadamvekepo pa Msenjere chilengedwere. Akakowa adauluka m'dambo lonse nthawi imodzi. Agalu adathawa michira ili pakati pa miyendo. Amayi ena adagwira pakamwa, amuna ena adavula zipewa osadziwa kuti avula, ndipo wonyoza uja adapezeka ali kuseri kwa chulu.

Anyamatawo adatsitsa sowo pathunthu. Mano adalowa mumbawa ngati mpeni m'papaya. Utuchi wofiira udathovoka n'kugwera pamadzi, ndipo fungo la mtengo wauwisi lidadzaza paliponse. Pomwe nkhwangwa khumi zidalephera masiku onse aja, chitsulo chinkangotsika anthu akuona.

Sufiyani adamva zonse zomwe atsibweni ake adanena. Manja ankanjenjemera mpaka m'mano, makutu adatsekeka, ndipo mtima udakoma kwambiri. Adaona amake pagombe atakweza manja kumwamba, milomo ikuyenda, koma sadamve liwu ndi limodzi lomwe.

Sowo idapitirira theka la thunthu. Mtengo udayamba kupindika ndi kulemera kwa madzi, ndipo mpata womwe sowo idadutsa udatsekeka pamwamba pake. Kubwerera m'mbuyo kudali kosatheka. Njira idatsala imodzi, yopita pansi, ndipo padatsala pang'ono.

5. Milamba ya Tabitha

Sufiyani adapukusa mutu kuti achotse utuchi m'maso, ndipo potero adayang'ana kumunsi kwa mtsinje.

Kumeneko madzi adali ataphwa chitsekekere mtsinje, kudangotsala mchenga ndi maiwe. Pakati penipeni pa mchengawo pankabwera kamtsikana, matope mpaka m'ntchafu, katanyamula milamba yotungidwa pakhosi ndi luzi. Kadali Tabitha, mlongo wake wa Timoteyo. Kadamva kulira kwachilendo ndipo kadabwera kudzaona, kakumwetulira.

Sufiyani adayang'ana milambayo, nayang'ana matope. Mwana sagwira milamba yochuluka chotero ali yekha. Madzi akaphwa mumtsinje, midzi yonse ya kumunsi imalowa m'maiwe ndi madengu kukavuula nsomba, amayi, ana, ndi makanda kumsana. Eni minda onse maso adali pa mpunga, ndipo padalibe ndi mmodzi yemwe adaganiza zotuma mthenga.

Adakuwa kuti anthu athamange kumunsi. Pagombe adaona kukamwa kwake kukuyenda, ndipo adamuwombera m'manja. Adaloza ndi mutu, iwo n'kuvina. Timoteyo, kuseri kwa thunthu, sankamuona mlongo wake.

Kachitsulo kozimitsira kadali pafupi ndi chala chake chachikulu. Adayang'ana kudambo, komwe nsonga za mpunga wa amake zinkangooneka pang'ono pamwamba pa madzi. Adakadina.

Bata lomwe lidagwa lidali lolemera kuposa phokoso lija. Makutu ankangolira okha.

"Yafa?" wina adafunsa.

"Ndazimitsa ndine," adatero Sufiyani. "Kumunsiku kuli anthu mumtsinje. Tabitha, kwera kumtunda msanga! Muli angati kumeneko?"

"Tonse," kadayankha kamtsikanako. "Amayi aliko, ndi anansi athu a kwa Adamu, ndi ana a sukulu."

Timoteyo adasiya chogwirira, nkhope itachita phulusa. Adamasula chingwe m'chiuno n'kuliyatsa liwiro kutsata gombe, anyamata ena ali pambuyo pake.

Si onse adakondwa. Bambo wina, amene munda wake udali woyandikana ndi wa mayi Kulusumu, adaponya chipewa pansi.

"Padatsala chikhatho chimodzi chokha, mwana iwe. Madzi akadayenda pang'onopang'ono, anthuwo akadathawa. Tsopano tidya chiyani?"

Sufiyani adagwetsa nkhope. Kenaka adayang'ana kwa amake mwamanyazi.

Mayi Kulusumu adatsetsereka mpaka pomwe mwana wawo akadawamva bwino.

"Mwanangu, njala ndimaidziwa, idagonapo m'nyumba mwanga bambo ako atamwalira," adatero. "Tidadya zikhawo, tidadya nyika za m'dambo, ndipo tonse tilipo. Njala ili ndi mawa. Koma mpunga woti pokolola ndizikumbukira mwana wa mnzanga atakokoloka, ine sindingaumeze, ngakhale utadzaza nkhokwe ziwiri. Imirira bwino, usagwetse nkhope."

6. Msenjere Atsegula Njira

Patapita nthawi mnyamata wina adabwerera ali wefuwefu, nati onse atuluka mumtsinje. Timoteyo naye adabwerera, adamanganso chingwe m'chiuno n'kugwiranso kunsonga. Sufiyani adakoka chingwe.

Sowo idangoti zii. Adakoka mpaka chikhatho chidang'ambika, adapukuta pulagi, adapemerera injini ndi chipewa, koma ayi ndithu. Adayesa kuisolola, amuna anayi akuthandiza, koma mbawa idali itailuma zolimba. Kudambo nsonga zomaliza za mpunga zidamira.

Anthu adayamba kubalalika mmodzimmodzi. Ndi pamene a Fakiri adaimirira pamwala paja n'kukweza ndodo.

"Khalani chete nonse."

Poyamba sikudamveke kanthu. Kenaka, m'kati mwa thunthu, mudamveka kulira kwapansipansi ngati chitseko chakale. Kudasiya, n'kuyambanso mokweza. Chikhatho chimodzi cha mtengo chomwe chidatsala chija chinkalimbana ndi mtsinje wonse.

"Kokani anawo!" adakuwa a Fakiri.

Sufiyani adagwira chogwirira cha sowo ndi manja onse awiri.

"Atsibweni, sowo yanu!"

"Isiye, mphwanga. Isiye."

Zingwe zidakokedwa, ndipo anyamata awiriwo adakwera gombe chokwawa. Asadaimirire n'komwe, mbawa idathyoka ndi mkokomo womwe udamveka m'mapazi. Thunthu lidatembenuka pang'onopang'ono, ngati ng'ombe yodzuka, ndipo kumbuyo kwake kudabwera khoma la madzi ofiira lotalika kuposa munthu. Lidanyamula mabango, zitsa ndi miyala. Sowo idaoneka kamodzi, tcheni chake chikung'anima padzuwa, n'kumira.

Madziwo sadayende pang'onopang'ono. Pomwe Tabitha adaima paja padasanduka mathithi m'kuphethira kwa diso. Bambo woponya chipewa uja adakhala pansi pomwe adali.

Anthu adakali kuyang'ana, kunjira ya m'mbali mwa gombe kudatulukira mzere wa anthu ochokera kumunsi. Adali amayi ndi madengu pamutu, ana amatope mpaka m'makutu, nkhalamba zoyenda ndi ndodo, makanda ali mtulo kumsana. Ankangobwerabe, ndipo mzerewo sunkatha. Adaima pagombe n'kumayang'ana mtsinje womwe adali m'kati mwake posachedwapa.

Amake a Timoteyo adatula dengu lawo la milamba pamapazi pa mayi Kulusumu. Amayi awiriwo adagwirana manja.

Kudambo madzi adayamba kutsika. Ngala za mpunga zidatulukira imodziimodzi, zamatope, zowerama, koma zamoyo. Mayi Kulusumu adalowa m'munda ndi nsalu yawo yomwe, n'kumatsuka ngalazo ndi manja, akunena Alihamudulillahi pa phesi lililonse.

Sufiyani adakagwada pamaso pa atsibweni ake. Misozi inkatsika yokha.

"Mudaisunga zaka zonsezi, ine ndaitaya tsiku limodzi."

"Ndinkaidzoza kuti ndidzaimvenso ikulira ndisadafe," adatero a Fakiri. "Ndaimva. Koma chimene sindidachionepo kumapiri konse kuja ndi munthu woizimitsa pakati pa mtengo. Dzuka, ukasambe m'manjamo, mukutuluka magazi."

Sufiyani asadafike kumadzi, belu la njinga lidalira kumseu. Adatsika munthu wovala yunifolomu ya kaki ndi chisoti chofiira, mesenjala wa boma. Anthu adamupatsa njira.

"Bwana woyang'anira nkhalango ali pamsasa kuseri kwa phiriko," adatero mesenjalayo. "Amva injini ikulira. Akuti mbawa ndi mtengo wa boma, ngakhale itagwa yokha, ndipo m'dera lino palibe adalembetsa sowo yotere. Akufuna amene waidula akaonekere mawa m'mawa, sowoyo ali nayo m'manja. Ndani?"

A Fakiri adatsamira ndodo kuti aimirire, koma mwana wa mlongo wawo adali atafika kale patsogolo pa njinga.

"Ndine, bambo," adatero Sufiyani.

Mesenjala adamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenaka adayang'ana uku ndi uku pagombe.

"Iwe? Chabwino. Nanga sowoyo ili kuti?"